Funso, yankho ndi mapazi a mvuu

Ndinaphunzitsa masamu kwa zaka zoposa 30 m'sukulu za sekondale za m'chigwa chino cha Shire, ndipo pa zaka zonsezo ndinali ndi chida chimodzi chokha chodziwira zimene zili m'mutu mwa mwana, chomwe ndi funso. Mphunzitsi sangavundukule mutu wa wophunzira monga mayi avundukulira mphika kuti aone ngati ndiwo zapsa. Iye amafunsa, n'kumvetsera yankho kapena kuliwerenga pa pepala, ndipo kuchokera pamenepo amagamula kuti uyu wamvetsa, uyu wangoloweza, uyo ndiye sanatolepo kanthu. Ndinapuma pa ntchito ndili ndi chikhulupiriro chakuti luso logamula motero ndinali nalo lokwanira. Chimene chagwedeza chikhulupirirocho ndi foni ya mwana wa mchemwali wanga.

Mnyamatayu anabwera kudzacheza kwathu kuno ku Ngabu m'mwezi wa Okutobala, nyengo imene masana munthu sungakhale m'nyumba ya malata, choncho tinayala mphasa pansi pa mtengo wa nimu. Anandipatsa foni yake nati, "Amalume, ifunseni chilichonse chimene mukufuna, muona nokha kuti imaganiza kuposa ana anu aja a Folomu 4." M'fonimo munali imodzi mwa mapulogalamu ocheza nawo amene afala kwambiri kuyambira kumapeto kwa 2022. Ndinaipatsa masamu a algebra ndipo inawasova bwino, ikusonyeza njira yonse mzere ndi mzere monga momwe ndinkafunira kuti ana azichitira. Ndinaiponyera ndagi yakale ija yakuti nyumba ya amayi yopanda khomo, ndipo inayankha kuti dzira. Mnyamatayo anandiyang'ana ngati munthu amene wapambana mlandu. Ndinamuuza kuti zimene wandichititsazo zili ndi mwini wake amene anaziyambitsa, ndipo mkangano wake unabadwa ine ndisanabadwe.

Mu 1950 katswiri wa masamu wa ku England, Alan Turing, yemwe pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse anagwira ntchito ku Bletchley Park m'dziko lakelo, yomasulira mauthenga achinsinsi a asilikali a Germany, analemba nkhani m'magazini yotchedwa Mind. Anayamba ndi funso lakuti kodi makina angathe kuganiza, koma posakhalitsa analiika pambali, chifukwa anaona kuti anthu akayamba kukangana za tanthauzo la mawu akuti "makina" ndi "kuganiza" dzuwa lidzawalowera asanagwirizane. M'malo mwake anakonza masewera. Poyamba anawafotokoza ndi mwamuna ndi mkazi amene abisika, wofunsa n'kumayesa kuzindikira kuti mkazi ndi uti pamene mwamunayo akuyesetsa kumusocheretsa. Kenako anati pamalo pa mwamunayo tiikepo makina. Wofunsa saona nkhope, samva liwu, amangolandira mayankho olembedwa pa makina otayipira. Maganizo a Turing anali akuti funso lakuti kodi makina angasocheretse wofunsa pa masewera otere lilowe m'malo mwa funso loyamba lija, limene ankaliona kuti lilibe pogwira. Analoseranso kuti pakutha pa zaka pafupifupi 50 makompyuta adzakhala akusewera bwino moti wofunsa wamba, atafunsa kwa mphindi 5, mwayi wake wolasa molondola sudzapitirira 70 pa 100. Iye anamwalira mu 1954, asanaone chilichonse cha zimenezi.

Pali kachigawo kena m'nkhani yakeyo kamene mphunzitsi wa masamu sangakadumphe. Popereka chitsanzo cha mmene kufunsanako kungayendere, Turing analemba kuti wofunsa auza wobisikayo kuti aphatikize 34957 ndi 70764, ndipo wobisikayo adikira masekondi pafupifupi 30 n'kuyankha kuti 105621. Tengani pensulo muwonkhetse nokha, mupeza 105721. Kaya kunali kulakwitsa kwa osindikiza kaya anachita dala, m'nkhani yomweyo iye ananena poyera kuti makina ofuna kupambana masewerawa sangamapereke mayankho olondola a masamu nthawi zonse, adzayenera kumalakwitsako mwadala kuti wofunsa asawatulukire. Ndiye kuti kuyambira tsiku loyamba mayesowa anali ndi chinyengo mkati mwake, popeza wopambana ndi amene wadzibisa bwino.

Komabe sindifuna kumupeputsa Turing, pakuti aliyense amene anakhalapo pa bwalo la nyakwawa akudziwa mphamvu ya funso. Kuno madzi akasefukira n'kuphwera, malire a madimba amakwiririka ndi matope, ndipo milandu ya malo imachuluka. Si zachilendo kuti wina abweretse mboni imene waiphunzitsa usiku zoti idzanene. Mboni yotere imayamba bwino kwambiri, mwina kuposa mboni yoona, chifukwa nkhani yake ilibe zokhotakhota. Akuluakulu odziwa milandu saitsutsa, amangoifunsa cham'mbali. Pamene munkaona akukhoma chikhomocho, chimanga cha m'dimba loyandikana nalo chinali chitafika pati? Munadzera njira iti pobwerera, popeza ya kumunsi inali ndi madzi? Woloweza amakhala ndi msewu umodzi wokha, ndipo ukamupatutsa pang'ono amagwera m'dzenje, pamene amene anaonadi ndi maso amatha kuyankha kuchokera mbali iliyonse, ngakhale achite chibwibwi. M'kalasi ndinkachita chimodzimodzi: mwana akapeza yankho lolondola ndinkasintha nambala imodzi, kapena kumufunsa chifukwa chake wagawa m'malo mochulukitsa. Turing ankaidziwa njira imeneyi, ndipo anaitchula yekha kuti ndi imene imagwiritsidwa ntchito pa mayeso a pakamwa pofuna kuona ngati munthu wamvetsadi kapena wangoloweza ngati chinkhwe. Ananenanso chinthu china chovuta kuchitsutsa, chakuti palibe munthu amene analowapo m'mutu mwa mnzake, ndipo tonse timangovomerezana mwaulemu kuti aliyense amaganiza. Ngati mnansi wanga ndimamupatsa ulemu umenewo chifukwa cha zimene amanena ndi kuchita, makina ndiwamane pa chifukwa chanji?

Vuto loyamba limene mbiri ya mayesowa yaonetsa lili kwa wofunsa. Mu 1966 Joseph Weizenbaum wa pa yunivesite ya MIT ku America anafotokoza za kapulogalamu kamene anakonza kotchedwa ELIZA, kamene kankatsanzira dokotala wothandiza anthu ovutika maganizo. Kanalibe chimene kankadziwa za dziko. Kankangotola mawu ena m'chiganizo cha munthu n'kuwabweza ngati funso, moti ukatchula amayi ako iko kankakuuza kuti ufotokoze zambiri za banja lanu. Weizenbaum anadabwa kuona kuti mlembi wa mu ofesi yake, yemwe anaona ndi maso ake pulogalamuyo ikukonzedwa, atacheza nayo pang'ono anamupempha kuti atuluke m'chipindamo kuti iye alankhule nayo momasuka. Mu Juni 2014, pa mpikisano umene yunivesite ya Reading inachititsa ku London, pulogalamu yotchedwa Eugene Goostman inakhulupiritsa 33 peresenti ya oweruza kuti ndi munthu, ndipo inatero podzitcha mnyamata wa zaka 13 wa ku Ukraine, kuti Chingerezi chake chopotoka ndi umbuli wake zikhale ndi pothawira. Mu 2025 Cameron Jones ndi Benjamin Bergen a pa yunivesite ya California ku San Diego anachititsa masewerawa kwa mphindi 5 monga Turing anafotokozera, ndipo pulogalamu yotchedwa GPT-4.5, itauzidwa kuti idzionetse ngati wachinyamata wosakonda zolankhulalankhula ndi wolemba m'chinenero cha achinyamata, inasankhidwa kuti ndiye munthu maulendo 73 pa 100, kutanthauza kuti inaoneka munthu kuposa anthu enieni amene inapikisana nawo. Zotsatira zoterezi zimandiuza zambiri za mmene ife anthu timafulumirira kukhulupirira chilichonse chimene chikutiyankha ngati mnzathu, koma za zimene zikuchitika mkati mwa makinawo zimandiuza zochepa.

Masewera a Turing ndinawaonapo akuseweredwa ndi anthu a njala, ndisanamve n'komwe dzina lake. Ndinayamba uphunzitsi m'boma la Nsanje pa nthawi imene nkhondo ya Frelimo ndi Renamo inali itafika poipa ku Mozambique, ndipo anthu othawa nkhondo anadzaza m'misasa ngati ya Mankhokwe ndi Nyamithuthu komanso m'midzi mwathu momwe. Dziko lonse la Malawi linasunga anthu oterewa pafupifupi 1 miliyoni mgwirizano wa mtendere usanasainidwe ku Rome mu 1992. Tsono amene amalidziwa dera lino akudziwa kuti malire a mayiko awiriwa anadula pakati pa anthu amodzi: Chisena n'chimodzi, mifunda ndi yofanana, maukwati akhala akuwoloka mtsinje kuyambira kale. Othawa nkhondo ankalandira ufa, nyemba ndi mafuta, pamene eni mudzi, makamaka pa chilala cha 1992, ankazula nyika m'madambo momwe muli ng'ona. Amene ankalemba mayina a olandira chakudya analibe njira ina yosiyanitsira anthu koma mafunso. Kwanu n'kuti? Mfumu yanu ndani? Tawerengani manambala m'Chipwitikizi. Masabata oyamba mafunsowo ankagwira ntchito, koma posapita nthawi ana a m'mudzi, ena a iwo a m'kalasi mwanga, anali atadziwa um, dois, três mpaka kufika pa dez, ndiponso mayina a midzi ya ku Mutarara imene sanapondeko phazi. Pa nthawi yomweyo ndinaona gogo wina amene anayendadi masiku ambiri m'tchire kuthawa mfuti akubwezedwa pa mzere, chifukwa sanapiteko ku sukulu ya Apwitikizi ndipo mantha anamuiwalitsa dzina la mfumu yake. Sindikuweruza aliyense, pakuti njala inali itavuta ndipo olembawo anali ndi mizere ya anthu masauzande. Chimene ndinatolapo n'chakuti funso limayeza bwino pokhapokha wofunsidwayo asanadziwe kuti lidzafunsidwa. Likangodziwika, limayamba kuyeza amene anamva mayankho, ndipo litha kulandira wabodza n'kukana woona pa tsiku limodzi.

Ndagi imene ndinaponyera foni ija ili m'gulu lomwelo. Mwana amene amayankha msanga kuti dzira sanaganize kanthu, anangoimvapo kwa agogo ake. Amene anaganiza ndi munthu woyamba amene anaipeka, ndi mwana amene akuimva koyamba n'kumadzikanda m'mutu. Mapulogalamu a masiku anowa amaphunzitsidwa ndi zolembedwa zochuluka zedi zotengedwa pa intaneti ndi m'mabuku, ndipo m'zolembedwazo muli mafunso a mayeso pamodzi ndi mayankho ake. Tikamva kuti pulogalamu yakuti yakhoza mayeso a maloya kapena a madokotala, tiyenera kukumbukira za 2020, pamene mayeso a MSCE anathetsedwa ali mkati chifukwa mapepala anali atawululika, mpaka ana anakalembanso ena kumayambiriro kwa 2021. Palibe amene ananena kuti ana onse a chaka chimenecho anali mbuli. Mfundo inali yakuti pepala limene lafika kale m'manja mwa olemba, limene ana asukulu amalitcha likasa, silingatiuzenso amene akudziwa ndi amene sakudziwa.

Ena amapita patali kuposa apa, amati ngakhale mafunso atakhala atsopano ndipo wofunsa n'kukhala wochenjera ngati nkhoswe yakale, mayankho abwino sangakhale umboni wa kumvetsa. Wodziwika kwambiri pa maganizo amenewa ndi John Searle wa pa yunivesite ya California ku Berkeley, amene mu 1980 anapereka fanizo la munthu wosadziwa Chitchaina wotsekeredwa m'chipinda. M'chipindamo muli buku la malamulo lolembedwa m'Chingerezi, lomuuza kuti akalandira kapepala ka zilembo zooneka mwakuti abweze zilembo zooneka mwakuti. Amene ali kunja akulandira mayankho omveka bwino m'Chitchaina, koma munthuyo sakumva ngakhale liwu limodzi. Kompyuta, anatero Searle, ili ngati munthu ameneyu, imasuntha zizindikiro potsata maonekedwe ake popanda kukhudza tanthauzo. Fanizoli linandikumbutsa malemu bambo anga, amene ali mnyamata ankatumikira pa Misa nthawi imene inkachitika m'Chilatini. Wansembe akati Dominus vobiscum iwo ankayankha Et cum spiritu tuo pa nthawi yake, osaphonya, ndipo mapemphero aatali ankawatchula bwino moti mlendo akanaganiza kuti ndi munthu wa ku seminale, chonsecho mawu ambiri sankadziwa tanthauzo lake. Otsutsa Searle anati womvetsa Chitchaina ndi chipinda chonse pamodzi ndi buku lake, munthuyo n'kachigawo chabe. Iye anayankha kuti munthuyo aloweze buku lonselo pamtima n'kutuluka panja, adzakhalabe wosamva Chitchaina. Ine fanizoli ndimalivomereza theka. Limasonyezadi kuti yankho lolondola litha kutuluka pamene palibe kumvetsa. Koma ndinaona ana ambirimbiri akuimba matebulo ochulukitsa, 7 kuchulukitsa ndi 8 ndi 56, ngati nyimbo ya ku Sande sukulu, ndipo patapita zaka ana omwewo anali akugwiritsa ntchito manambalawo powerengetsa mtengo wa thonje lawo pa sikelo, n'kumugwira wogula akafuna kuwabera. Tsiku limene kuimba kunasanduka kumvetsa sindinalionepo kwa mwana ngakhale mmodzi, choncho sindingalimbe mtima kunena kuti kusuntha zizindikiro sikungadzafike pa kumvetsa mpaka kalekale.

Mbali ina ya nkhaniyi, imene siikambidwa kawirikawiri, ndi ya amene angalephere mayesowa chonsecho amaganiza. Pa Mtayamoyo, pamene anthu amawoloka pa mabwato pakati pa Bangula ndi tsidya la kum'mawa, ndinkadziwana ndi bambo ena opalasa amene sankatha kulemba dzina lawo. Tsiku lina kunja kuli ngwee, kopanda ngakhale kamtambo, anakana kutiwolotsa. Mtsinje wa Ruo umachokera ku phiri la Mulanje n'kudzathira mu Shire pa Chiromo, ndipo ukadzaza umatsekereza madzi a Shire n'kuwabwezera m'dambo la Elephant Marsh, moti kuno kutha kusefukira ndi mvula imene yagwa kutali ife osaiona. Anthu a ku Makhanga amene anazingidwa ndi madzi mu Januwale 2015 safunika kuuzidwa zimenezi. Bambowo anaona mtundu wa madzi, zinyalala zimene ankakokolola ndi mmene ankazungulirira pa gombe, ndipo anaphatikiza zonsezo m'mutu mwawo. Nditawafunsa kuti adziwa bwanji, anangoti, "Madzi awa si abwino, aphunzitsi, tiyeni tidikire." Pofika madzulo mawu awo anali atapherezera. Ndinawakhulupirira mosavuta, chifukwa munthu wonena za madzi akakhala woti akwera nawo bwato lomwelo, mawu ake amakhala ndi chikole. Koma mutawaika bambo amenewa kuseri kwa chipupa kuti apikisane ndi foni ya mwana wa mchemwali wanga poyankha mafunso olembedwa, oweruza angasankhe foniyo. Turing anavomereza kuti makina atha kuchita chinthu choyenera kutchedwa kuganiza koma chosiyana kwambiri ndi zimene munthu amachita, ndipo anati chitsutso chimenechi n'champhamvu. Ine ndingowonjezerapo kuti ngakhale pakati pa anthu, kuganiza kochuluka sikudutsa pa pensulo.

Nditaisinkhasinkha nkhaniyi kwa milungu ingapo, ndinaipeza ikufanana ndi mapazi a mvuu. Mlimi wa m'mphepete mwa Shire akapita kudimba m'mawa n'kupeza mapazi aakulu aja a zala zinayi m'matope, safunika kuiona mvuuyo kuti adziwe kuti usiku kunabwera mlendo. Mapaziwo ndi umboni wodalirika pa chifukwa chimodzi, chakuti kuno kulibe chinthu china chimene chimasiya mapazi otero. Momwemonso, kuyambira pamene anthu anayamba kulankhula kufikira posachedwapa, padziko panalibe chinthu china chotha kuyankha funso lililonse mwanzeru koma munthu woganiza, ndipo n'chifukwa chake René Descartes, katswiri wa masamu ndi filosofi wa ku France, mu 1637 anatha kulemba molimba mtima kuti makina sangathe kulumikiza mawu mosiyanasiyana kuti ayankhe zonse zimene angauzidwe, monga amachitira ngakhale munthu wopepera. Tsono tiyerekeze kuti mmisiri wina wasema chipika chofanana ndendende ndi phazi la mvuu, ndipo anyamata akumadinda nacho m'madimba usiku. Kuyambira tsiku limenelo mapazi asiya kukhala umboni. Mvuu sizinathe mu Shire, ndipo mwina mapazi amene mlimi awapeze mawa ndi a mvuu yeniyeni, koma sangadziwenso poyang'ana mapazi okha. Ayenera kuona ngati chimanga chadyedwa, ngati pali ndowe, ngati bango lathyoka polowera kumadzi.

Mapulogalamu amene tikukambawa anasemedwa ndi cholinga chomwecho chosiya mapazi a munthu. Ntchito imene amaphunzitsidwa poyamba ndi yolosera liwu lotsatira m'zolemba za anthu, mobwerezabwereza kosawerengeka, ndipo pambuyo pake anthu olembedwa ntchito amaika malikisi pa mayankho ake kuti azolowere kupereka amene anthu amawakonda. Chinthu chopangidwa motero chikamalankhula ngati munthu, chachita zimene anachipangira, kaya mkati mwake muli kuganiza kaya mulibe. Mu 2022 injiniya wa ku Google, Blake Lemoine, analengeza kuti pulogalamu ya LaMDA imadzizindikira ngati munthu, ndipo umodzi mwa maumboni ake unali wakuti inamuuza kuti imaopa kuzimitsidwa; kampaniyo inamutsutsa, kenako n'kumuchotsa ntchito. Iye anapeza mapazi m'matope n'kuthamanga kukauza mudzi. Koma amene amaseka nkhani yake n'kumati makina ndi makina basi nawonso sanapite kukaona chimangacho. N'kutheka ndithu kuti pofuna kulosera bwino mzere wotsatira wa masamu ovuta, chinthucho chinakakamizika kumanga mkati mwake njira ina yofanana ndi kulingalira. Ochita kafukufuku ali ndi mwayi umene ine ndinalibe pa ana anga, woti mphika wawo utha kuvundukulidwa: atha kuyang'ana manambala amene akuyenda mkati mwa pulogalamu pamene ikuyankha, ndipo ena ayamba kale ntchito imeneyo. Ngati funso lakuti makina amaganiza lidzayankhidwe, ndikuona kuti yankho lidzachokera kumeneko, komanso ku zimene makinawo amachita akapatsidwa ntchito yeniyeni kwa nthawi yaitali, pamene kulakwitsa kwawo kukuonekera poyera. Macheza a mphindi 5 angotiuza kuti mmisiri anasema bwino.

Mnyamata uja asanabwerere ku Blantyre ndinapempha foniyo kachiwiri, nditakonza funso limene ndinalipeka ndekha usiku, loti silinalembedwepo paliponse. Bwato limanyamula matumba 12 a mpunga pa ulendo umodzi, ndipo njinga imodzi imatenga malo a matumba 2. Pa gombe pali matumba 50 ndi njinga 5. Maulendo onyamula katundu akhala angati? Inayankha kuti 5, ndipo inasonyeza njira yake. Ndinaifunsa cham'mbali monga amachitira akuluakulu pa bwalo: ngati bwatolo layambira tsidya lino ndipo likagona tsidya linalo, liwoloka mtsinje kangati? Inati ka 9, chifukwa ulendo womaliza ulibe wobwerera. Ndivomereze kuti pamenepo mtima wanga unagunda, pakuti theka la ana a m'kalasi mwanga akanati ka 10. Kenako ndinachita kachinyengo kamene ndinkachitira ana, ndinalemba kuti walakwa, yankho ndi 10. Inapepesa mwaulemu kwambiri, n'kupeza chifukwa chondivomerezera, yati wopalasayo ayenera kubwerera kwawo.

Pa zaka zanga zonse zogwira choko, ana amene anakana kugonja pa kachinyengo kameneka ndingawawerenge ndi zala. Ndimakumbukira mtsikana wina, mwana wa msodzi, amene anaimirira nati, "Ayi sala, tawerenganinso, ine sindinalakwe." Ambiri ankafufuta yankho lawo lolondola n'kulemba langa lolakwika, chifukwa tinawalera kuti wamkulu satsutsidwa, ndipo ena a iwo lero ndi manesi ndi aphunzitsi amene sindinakayikirepo kuti amaganiza. Nditamuuza mnyamatayo zimenezi, iye anangotenga foniyo, anatsegula macheza atsopano, analemba funso langa lomwelo liwu ndi liwu, ndipo itayankha kuti ka 9 anaitsutsa ndi mawu anga omwe aja. Ulendo uno inakana. Inati ikumvetsa chifukwa chimene munthu angaganizire 10, koma popeza bwato likagona tsidya linalo, yankho ndi 9 basi. "Mwaonatu amalume," iye anatero. Ndinamufunsa kuti mwa ziwirizo, yogonja ija ndi yokana iyi, ndi iti imene ndiipatse malikisi, popeza foni ndi imodzi, funso ndi limodzi, ndipo papita mphindi zosakwana 10. Anati foniyo yatsala pang'ono kutha moto, ndipo anakwera njinga kukaitchajitsa kumsika.